Spin ikasanduka magetsi, amayeza bwanji?

Wophunzira wina wa zamagetsi ku MUBAS wanditumizira imelo: "Ndawerenga kuti ma topological insulator amasandutsa spin kukhala magetsi. Poti spin sioneka, amadziwa bwanji kuti zachitikadi?"

Achimwene, spin ndi kamaginito kakang'ono kamene elekitironi iliyonse ili nako, koloza mbali ina yake. Tsopano tione topological insulator imene mwafunsayo. Chodziwika kwambiri ndi Bi2Se3, chopangidwa ndi bismuth ndi selenium, chimene gulu la Zahid Hasan ku Princeton linachifufuza mu 2009. Mkati mwake magetsi sayenera kudutsa, koma pamwamba pake amadutsa. Pamwambapo, kumene elekitironi ikupita ndi kumene spin yake yaloza n'zomangirirana. Zili ngati pa Chipembere Highway: mukaona mbali imene minibasi ili, mwadziwa kale ngati ikupita ku Limbe kapena m'tauni. Mukathirapo spin yambiri yoloza mbali imodzi, maelekitironi nawo amakhamukira mbali imodzi, ndiwo magetsiwo. Akatswiri amati inverse Edelstein effect.

Njira yofala poyeza ndi spin pumping. Pamwamba pa Bi2Se3 amayalapo kachitsulo ka maginito kopyapyala, kawirikawiri permalloy, ya nickel ndi ayironi. Amakawomba ndi ma microwave a magigahertz angapo, n'kumasintha mphamvu ya maginito akunja mpaka maginito a m'kachitsuloko ayambe kuzungulira mwamphamvu. Kuzungulirako kumakankhira spin pansi, ndipo m'mbali mwake mumaoneka voteji yochepetsetsa, ya mamicrovolt chabe.

Kupeza votejiyo si nkhani. Chovuta n'kutsimikiza kumene yachokera, ndipo apa ndi pomwe ine ndimakayikira zambiri zimene ndimawerenga. Permalloy payokha, ikakumana ndi ma microwave, imatulutsa voteji yakeyake yofanana ndi imene mukufuna. Ma microwave amatenthetsanso chinthucho, kutenthako n'kubweretsa voteji ina. Komanso mkati mwa Bi2Se3, momwe tati magetsi sadutsa, nthawi zambiri amadutsa ndithu chifukwa maatomu ena a selenium amasowa pamalo pawo. Zikatero mungamati mwayeza za pamwamba, chonsecho ndi za mkati.

Ndiye wofufuza wosamala amatembenuza maginito akunja kuona ngati voteji nayo itembenuke, amazunguliza chinthucho pamakona osiyanasiyana, amayezanso permalloy ili yokha. Amasinthanso makulidwe: Bi2Se3 ikapyapyala kuchepera mananomita pafupifupi 6 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), pamwamba ndi pansi pamayamba kusokonezana. Ena m'malo mwa permalloy amaika YIG, maginito osadutsa magetsi, kuti voteji yachinyengo ija ichepe.

Mukafuna nambala yoti muigwire, mu 2016 Rojas-Sánchez ndi anzake ku France, limodzi ndi Albert Fert amene analandira Nobel mu 2007, anayeza mmene spin imasandukira magetsi pa alpha-tin, mtundu wina wa chitsulo cha tin umene nawonso ndi topological insulator, n'kupeza mananomita 2.1, pa kutentha wamba kwa m'nyumba. Amayeza m'mananomita chifukwa akugawa magetsi oyenda pamwamba ndi spin yolowa kuchokera ku kachitsulo ka maginito. Iwo kachitsulo kawo ka maginito kanali ka ayironi, ndipo anachita kuikapo siliva pakati pa ayironiyo ndi tin, poti ayironi ikakhudza tin mwachindunji imawononga za pamwambazo.

Inu mukamawerenga za kafukufukuyu, musathamangire nambala yaikulu ya pamutu. Fufuzani kaye pomwe afotokoza mmene anachotsera voteji ya permalloy ndi ya kutentha.