Chiuno chikupwetekabe: ndidikire kapena ndiyambirenso masewera?

Mayi wina wa zaka 47 wa ku Zomba anditumizira imelo. Akuti ankachita aerobics ndi anzawo Loweruka lililonse, mpaka adayamba kumva ululu m'mbali mwa chiuno, pa fupa lotumphuka lija pamwamba pa ntchafu. Kuchipatala adawajambula, mafupa ali bwinobwino, ndipo adauzidwa kuti vuto lili pa mitsempha imene imamangirira minofu ya m'matako ku fupalo. Apuma miyezi itatu, thupi layamba kulemera, koma usiku akagonera mbali imeneyo amadzidzimuka ndi ululu. Funso lawo ndi lakuti: "Ndidikire mpaka papoleretu, kapena ndiyambe pang'onopang'ono?"

Mayi, musadikirenso. Vutoli madokotala amalitcha gluteal tendinopathy, ndipo limakonda amayi a zaka 40 mpaka 60. Kawirikawiri kungokhala sikulithetsa msanga, chifukwa mtsempha wosagwira ntchito umafookerafookera. Mu 2018 magazini ya zachipatala ya BMJ idafalitsa kafukufuku wa ku Australia wa anthu 204 odwala vutoli. Ena adaphunzitsidwa kasamalidwe ka chiuno ndi mafizo, ena adabayidwa jakisoni wa steroid (mankhwala ochepetsa kutupa ndi ululu), ena adangouzidwa kudikira. Patatha masabata 8, mwa a mafizo aja oposa 7 pa 10 alionse adati akupeza bwino, pomwe mwa odikira aja adali pafupifupi 3 okha pa 10. A jakisoni adali pakatikati.

Musanavale nsapato zamasewera, yang'anani kaye kakhalidwe kanu ka pakhomo, chifukwa mpamene mtsemphawo ukuvutikira tsiku lonse. Umadana ndi kupanikizidwa pa fupa. Mukasanjikiza miyendo pampando, mwaupanikiza. Mukaima pamzere kubanki mutatsamira mwendo umodzi, chiuno chitatulukira kumbali, mwaupanikizanso. Chimodzimodzi kunyamulira mwana m'chiuno mbali imodzi, kapena kukhala pamphasa miyendo yonse mutaipindira mbali imodzi monga tidazolowera pamaliro. Pogona, gonani chagada kapena gonerani mbali yabwinoyo, mutaika pilo wonenepa pakati pa mawondo kuti mwendo wapamwamba usagwere kutsogolo.

Ndipo chonde, siyani kukoka bondo kulozetsa ku phewa la mbali inayo poganiza kuti mukuwongola minofu. Anzanu a aerobics adzakuuzani kuti mutero, ndi mtima wabwino ndithu, koma kukokako kumafinyira mtsempha pa fupa lomwelo.

Mafizo oyambira sachititsa thukuta. Gonani chagada, pilo pansi pa mawondo, mumange lamba kapena chitenje mozungulira ntchafu pamwamba pa mawondo. Kankhirani miyendo kunja pang'ono chabe, ngati mukufuna kumasula lambayo koma osasuntha, muwerenge mpaka 10, mupume, mubwereze kasanu kapena kakhumi. Kenako pindani mawondo, mapazi pansi, mukweze matako m'mwamba ndi kutsitsa mosathamanga. Zikayamba kuphweka, onjezani kudzuka ndi kukhala pampando wautali osagwira ndi manja, mawondo asagundane.

Kuyenda yambani ndi mphindi 10 pamalo athyathyathya, mukuponda mapazi pafupipafupi. Ku Zomba mtima udzafuna msewu wokwera ku Ku Chawe, koma zitunda ndi masitepe zibwere pamapeto. Njinga ndi yabwino ngati chishalo chakwezedwa mokwanira kuti bondo lingopindika pang'ono phazi likafika pansi. Mukapeza dziwe losambira, yendani m'madzi ofika m'chifuwa, koma kusambira kotambasula miyendo ngati chule kusiyeni kaye. Kudumpha kwa aerobics kudikire mpaka mutayenda mphindi 30 osatsimphina.

Nanga mudziwa bwanji kuti mwapyola muyezo? Ululu pang'ono pochita mafizo si woopsa. Muziupatsa nambala kuyambira 0 mpaka 10. Ukakhala pa 3 kapena kutsika, pitirizani. Koma woweruza weniweni ndi usiku umenewo ndi m'mawa mwake. Mukagona movutika kuposa masiku onse, kapena mukadzuka mukutsimphina, dzulo mudaonjeza. Musasiye, ingochepetsani ndi theka, mukhale pamenepo masiku angapo. Musamwe brufen musananyamuke n'cholinga choti muyende mtunda wautali, chifukwa abisa chizindikiro chomwe mukuchifuna. Mitsempha imachira mochedwa, werengerani miyezi iwiri kapena itatu musanaweruze.

Kwa ena amene mukuwerenga: malangizowa ndi a munthu amene adapimidwa kale. Ngati ululu wanu uli m'mphechepeche, ngati mudagwa ndipo mwendo sukupondeka, ngati mukutentha thupi, mukuonda, kapena ululu sukuleka ngakhale mutangogona, musayambe mafizo alionse. Fupa likhoza kukhala ndi mng'alu, ndipo TB imagwiranso mfundo ya chiuno. Pitani akakujambuleni.

Inunso mayi, pemphani kalata yopita kwa a mafizo ku Zomba Central. Akakuoneni mukuyenda komanso mutaima ndi mwendo umodzi, kuti akuuzeni nthawi yoyenera kuwonjezera kulemera kwa mafizowo.