Mbuna mu thanki ya malita 60? Musayerekeze

Achimwene, mwafunsa kuti ndi nsomba ziti zakwathu zomwe mungaike mu thanki yanu ya malita 60 kuno ku Joni, ngati zingakhale limodzi ndi ma guppy ndi goldfish za mwana wanu, komanso za magetsi owalitsira m'madzi. Za magetsizo akuyankhani ena, ine ndinena za nsomba.

Mbuna, nsomba zokongola za ku Nyanja ya Malawi zija, mu malita 60 musaike. Mu shopu zimaoneka tating'ono tosalakwa, koma mbuna ndi nsomba ya m'miyala, ndipo yamphongo iliyonse imafuna phanga lakelake. Kunyanja, yogonja pa ndewu imangosamukira pa mwala wina. Nanga mu kagalasi kotalika masentimita 60 ithawira kuti? Imakabisala kuseri kwa hita yotenthetsera madzi, zipsepse zili zong'ambika, yasiya kudya, kenako m'mawa wina mukuipeza ikuyandama.

Yoipitsitsa ndi auratus, yachikasu ya mizere yakuda yoyenda mulitali ija. Ili m'mashopu ambiri chifukwa imaswana mosavuta, ndi yotchipanso. Alamu anga ku Germiston anawagulitsa zimenezi, wogulitsayo n'kumawatsimikizira kuti zimakhala ndi nsomba ina iliyonse. Poyamba zinalidi bata. Yamphongo itakula inasintha mtundu, inada bii, ndiye nkhondo inayambika. Inayamba ndi ma guppy, michira yonse kumwetula. Inabwera kwa zinzake zamphongo. Pamapeto inapha ndi zazikazi zomwe, n'kutsala yokha mu thanki yonse ngati mwini mudzi wopanda anthu. Atabwerera nayo ku shopu anawakanira. Kenyi, mbuna ina ya ku chilumba cha Mbenji, khalidwe lake ndi lomwelo. Mukamva mayina awiri amenewa, bwezani chikwama m'thumba.

Goldfish ndiye isayandikire n'komwe. Iyo ndi ya madzi ozizira, pomwe zakwathuzi zimafuna madzi ofunda madigiri 24 mpaka 28, ndipo ndi chisanu cha kuno cha June ndi July hita ndi yosachita kufunsa.

Thanki muli nayoyo ikukwana kansomba ka ku nyanja ya Tanganyika kotchedwa multifasciatus, ogulitsa amangoti ma multi. Si kakwathu, ndi ka anzathu a ku Mpulungu uko, koma banja lake ndi limodzi ndi mbuna. Kamphongo kamalekera pa masentimita 5, kakakazi kochepera apo. Tinsombati timakhala m'zigoba za nkhono. Muthire mchenga pansi, osati miyala, muike zigoba zochuluka kuposa nsombazo, mugule 6, basi. Musaonjezere mtundu wina. Tsiku lonse timakhalira kufukula mchenga ndi pakamwa, mwana wanu sadzachoka pagalasipo. Kungoti sitipezeka shopu iliyonse, ndipo kamodzi kangakudyereni R100 kapena kuposa.

Ngati mtima wakakamira za Nyanja ya Malawi, sakani thanki ya kaunjika yotalika mita 1.2, ya malita 200 kupita m'mwamba. Pa Facebook Marketplace zimapezeka, mwina R1,500 mpaka R3,000 ndi fyuluta yosefera madzi yomwe, koma muithire madzi kaye pamaso pa mwini wake muone ngati sikudontha. Mmenemo muike yellow lab, yachikasu ya mzere wakuda pa chipsepse cha pamsana, yomwe kwawo ndi ku Lion's Cove kufupi ndi Nkhata Bay. Mwa mbuna zonse iyi ndiye yofatsako, ana ake amagulitsa cha m'ma R60 mpaka R100. Ingakhale limodzi ndi mbuna ina yofatsa yotchedwa rusty. Yamphongo imodzi, zazikazi 3 kapena 4, ndi miyala yambiri younjika kuti zisamaonane nthawi zonse.

Abale amene alemba kuti muzizipatsa usipa wosinja, pepani, zimenezo ndi za mlamba wa padamu. Mbuna zambiri zimadya ndere za pamiyala, ndipo chakudya cha nyama chikachuluka zimatupa mimba n'kufa. Gulani cha spirulina, chopangidwa ndi ndere, muzipatsa pang'ono. Enanso mwati achimwenewa akatenge okha ku Cape Maclear pa Khirisimasi. Paja ndi paki ya Lake Malawi National Park, inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo nsomba za m'miyala mmenemo ndi zotetezedwa. Ndi chigubu chanucho pa Beitbridge mukafotokoza chiyani?

Thanki iliyonse yatsopano, fyuluta iyambe yagwira ntchito masabata 4 mpaka 6 thankiyo isanadzazidwe nsomba, ndipo madzi a pampopi muzithira mankhwala ochotsa klorini. Yellow lab yaikazi mukadzaiona yasiya kudya, kukhosi kutatupa, musathamangire mankhwala. Yasunga mazira m'kamwa, imatha masabata pafupifupi 3 isanalavule ana.