Declan Costello: bwenzi la amphawi lomwe linatsekera mtsikana wa zaka 14 njira ya ku England

Mayi wina wa kwathu amene amasamalira okalamba ku Dublin, m'dziko la Ireland, uku akuphunzira zamalamulo madzulo, wanditumizira imelo. Akuti m'kalasi awerenga mlandu wa X wa mu 1992, ndipo woweruza amene analetsa mtsikana wogwiriridwa kupita ku England kukachotsa pakati ndi Declan Costello. Chomwe chamuzunguza mutu n'choti gogo wina amene amamusamalira amatchula dzina lomweli mwaulemu kwambiri, amati anali bwenzi la amphawi. Funso lake n'lakuti, kodi ndi munthu mmodzi? Ngati ndi mmodzi, zikugwirizana bwanji?

Achemwali, ndi munthu mmodzi yemweyo. Gogoyo sakunama, inunso simunawerenge molakwika.

A Costello anabadwa mu 1926 m'banja lochita bwino. Bambo awo, a John A. Costello, anali loya wotchuka ndipo anakhalapo nduna yaikulu ya Ireland kawiri, kuyambira 1948 mpaka 1951 komanso 1954 mpaka 1957. Mwanayo anatsata mapazi a bambo ake: uloya mu 1948, uphungu mu 1951 ali ndi zaka 24 zokha, pa tikiti ya chipani cha Fine Gael. Dera lake linali ku Dublin, kumene mabanja ambiri ankapanikizana m'zinyumba zakale zowola. Zimene anaona kumeneko zinawalowa mumtima. Analemba mfundo zoti boma lilowererepo mwamphamvu pa chuma, pa nyumba, pa zipatala ndi pa sukulu, n'kukakamiza chipani chawo, chomwe chinali cha alimi olemera ndi amalonda, kuti chizitenge. Mu 1965 chipanicho chinapita nazo ku chisankho pa dzina loti Towards a Just Society. Akuluakulu ena a chipanicho anazilandira ndi mitima iwiri, chisankho sanapambane, ndipo mu 1969 a Costello anasiya uphungu. Analinso m'gulu la anthu amene anayambitsa St Michael's House, bungwe lothandiza ana olumala m'maganizo lomwe lilipobe ku Dublin. Ndikhulupirira kuti gogo wanuyo akukumbukira zimenezi.

Anabwerera ku nyumba ya malamulo mu 1973 ndipo anakhala mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo mpaka 1977. Kwa ine, ntchito yawo yabwino koposa ili m'zaka zinayi zimenezi. Panthawiyo, mphamvu yozenga milandu ikuluikulu inali m'manja mwa mlangizi wa boma yemweyo, munthu wosankhidwa ndi andale. A Costello anadzilanda okha mphamvuyo n'kukhazikitsa ofesi yoima payokha ya mkulu wozenga milandu ya boma kudzera m'lamulo la mu 1974. Chaka chotsatira anakhazikitsa bungwe lounika malamulo. Ife a ku Malawi maofesi awiriwa timawadziwa, tili nawo, ndipo tikudziwanso phokoso limene limabuka anthu akakayikira kuti wandale akuuza wozenga milandu zochita. Ndi iwonso anaimirira Ireland ku khoti la ku Ulaya loona za ufulu wachibadwidwe, ku Strasbourg, pa mlandu wosumira Britain chifukwa cha nkhanza zomwe asilikali ake anachitira amuna omangidwa ku Northern Ireland mu 1971. Chigamulo chinatuluka mu 1978.

Mu 1977 anakhala woweruza ku khoti lalikulu. Pa 8 January 1979 sitima ya mafuta ya ku France yotchedwa Betelgeuse inaphulika pa chilumba cha Whiddy, ku Bantry Bay, n'kupha anthu 50. Boma linawapatsa ntchito yotsogolera kafukufuku, ndipo lipoti lawo la mu 1980 silinanyengerere aliyense: linadzudzula kampani ya Total chifukwa chosasamalira sitimayo, ndi kampani ya Gulf Oil chifukwa cha kusakonzeka kwa zida zozimira moto padokopo. Munthuyu sankaopa makampani aakulu.

Tsono tifike pamene pali funso lanu. Kuti mumvetse mlandu wa X, yambani mwawerenga mlandu wina wa mu 1989, wa O'Reilly ndi khonsolo ya Limerick. Odandaula anali mabanja a mtundu wa Traveller, anthu a ku Ireland komweko amene kuyambira kale amakhala moyo woyendayenda. Ankakhala m'makalavani m'mphepete mwa msewu, opanda madzi, opanda zimbudzi, ndipo anapempha chipukuta misozi kuchokera ku boma. Ngati panali woweruza woyenera kuwamvera chifundo, anali uyu amene analemba mfundo za mu 1965 zija. Koma anawakanira chipukuta misozicho. Anafotokoza kuti chilungamo chilipo cha mitundu iwiri. China n'chokonza cholakwa pakati pa anthu awiri, wina walakwira mnzake, ndipo chimenecho n'cha khoti. China n'chogawa chuma cha dziko, ndalama za misonkho zipite kuti ndipo zingati, ndipo chimenecho n'cha aphungu. Anawauza kuti dandaulo lawo alipititse ku Leinster House, nyumba ya malamulo, osati ku Four Courts kumene kumakhala makhoti.

Mfundo ya moyo wawo wonse ndi imeneyi. Ali wandale ankamenyera kusintha malamulo. Atavala mkanjo wa uweruzi anakhulupirira kuti ntchito yawo n'kutsata lamulo monga lilili, ngakhale mtima ukuwawa. Kwa iwo panalibe kutsutsana. Ndipo mfundoyi si yopusa ayi. Woweruza sasankhidwa ndi anthu, saona bajeti yonse, ndipo akalamula kuti ndalama zipite uku, sadziwa amene wamulanda uko.

Vuto n'loti kutsata lamulo monga lilili kunkawafikitsa kawirikawiri kumbali ya mpingo ndi boma. Mu 1985 anagamula kuti masisitere a sukulu ina ku New Ross sanalakwe pochotsa ntchito mphunzitsi wamkazi amene ankakhala ndi mwamuna yemwe anali atasiyana ndi mkazi wake, n'kubereka naye mwana. Nthawi imeneyo ku Ireland kunalibe lamulo lothetsa ukwati, ndiye awiriwo analibe njira yokwatirana.

Kenako 1992. Mtsikana wa zaka 14 anagwiriridwa ndi bambo wodziwana ndi banja lake, n'kutenga pakati. Makolo anapita naye ku England kuti akachotse, koma anafunsa apolisi ngati zoyeza za DNA zingathandize kumangitsa wogwirirayo. Funsolo linadutsa ku ofesi ya mkulu wozenga milandu mpaka linafika kwa mlangizi wa boma wa nthawiyo, a Harry Whelehan, amene anathamangira ku khoti kukatenga chiletso. Banjalo litamva, linabwerera lokha kumudzi. Malamulo aakulu a dzikolo, malinga ndi kusintha kwa mu 1983, ankati moyo wa mwana wosabadwa ndi moyo wa mayi n'zofanana pa ufulu. Mtsikanayo anali atanena kuti adzipha. A Costello anayeza ziwirizi motere: akapita ku England, imfa ya mwana wosabadwa ndi yotsimikizika, akakhala, kudzipha kwa mtsikanayo n'kotheka chabe, ndipo makolo ndi madokotala angamuyang'anire. Pa 17 February analamula kuti asatuluke m'dzikomo kwa miyezi isanu ndi inayi.

Anthu anadzaza misewu ya Dublin. Pa 26 February khoti la Supreme linafafaniza chiletsocho, oweruza anayi mwa asanu atagwirizana, ndipo popereka zifukwa zake pa 5 March linati kuchotsa pakati n'kololedwa ngati moyo wa mayi uli pangozi yeniyeni, kuphatikizapo ngozi yodzipha. Mu November chaka chomwecho anthu anavota kuti ufulu woyenda ulendo ndi wopeza uthenga wa zochotsa pakati kunja kwa dziko usatsekedwenso pa nkhani ngati imeneyi, ndipo mu 2018 kusintha kwa mu 1983 kuja kunachotsedwa pa riferendamu.

Mwandifunsa maganizo anga, ndipo sindizemba. Anthu a kwathu ambiri, ngati anthu a ku Ireland ambiri a nthawi imeneyo, amadana ndi kuchotsa pakati, ndipo sindikunyoza chikhulupiriro chimenecho. Koma pa mlandu uwu a Costello analakwitsa. Oweruza anayi anawerenga mawu omwewo n'kupezamo malo opulumutsira mwanayo, kusonyeza kuti lamulo silinawamange manja monga ankaganizira. Kunena kuti ndangotsata lamulo kumakhala ndi malire, chifukwa kuyeza kuti ngozi iti ndi yaikulu kunali kwa iwo, palibe phungu anawayezera. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene anasankha kuti mwana wogwiriridwa akhale ngati mkaidi m'dziko lake kwa miyezi isanu ndi inayi anali woweruza, ndipo zimandipweteka kwambiri chifukwa anali munthu wodziwa bwino lomwe kuvutika kwa anthu wamba.

Komabe musawalembe ngati munthu wouma mutu. Mu 1994 banja lina la a Traveller ku Wicklow litabwera ndi dandaulo lofanana ndi la ku Limerick, anagamula mokomera banjalo, n'kuchoka pa mfundo yawo yolimba ya mu 1989. Oweruza ambiri sabwerera m'mbuyo chotero. Mu 1995 anakhala mtsogoleri wa khoti lalikulu, ndipo anamwalira mu 2011 ali ndi zaka 84.

Pa ntchito yanu ya m'kalasi, ikani milandu ya Limerick ndi Wicklow pambali pa mlandu wa X, muone pamene anadzipatsa ufulu woyeza ndi pamene anadzimana. Ndipo mukapeza mpata, mufunseni gogo uja kuti mu February 1992 iye anaima mbali iti.