Za ulendo wa ku Durban, kuyankha achimwene aja

Achimwene, mwafunsa ngati ndi bwino kutenga banja kuchoka ku Joni kupita ku Durban pa Khirisimasi, komanso ngati kuli china choona kupatula nyanja. Pitani ndithu, koma mukanandimvera mukanadikira Juni kapena Julayi. Mu Disembala kumatentha konyowa ngati ku Nsanje mvula ikangokata, anthu amadzaza pa gombe lotchuka la Golden Mile mpaka kusowa poyala chitenje, ndipo malo ogona amakwera mtengo. M'nyengo yozizira, inu mukunjenjemera ku Gauteng, ku Durban kumakhala kadzuwa kabwino, madzi ndi ofunda chifukwa cha mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Agulhas umene umatsika kuchokera cha ku Mozambique. Kuchoka ku Joni pa msewu wa N3 ndi makilomita pafupifupi 570.

Chonde, ana musawasiye okha m'madzi. Iyi si nyanja ya ku Salima. Mafunde ake amakoka munthu miyendo, choncho sambani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pamene pali opulumutsa anthu. Ku uShaka Marine World ana akaona shaki ndi madolifini, koma kulowa ndi ndalama ndithu.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'choti mupatule tsiku limodzi la ku Inanda, dera la kumpoto kwa Durban. Ambiri amabwerera osafikako, ine zimandiwawa. Kumeneko kuli Phoenix Settlement, mudzi umene Mahatma Gandhi anayambitsa mu 1904, ndipo chapafupi pali sukulu ya Ohlange ya John Langalibalele Dube, mtsogoleri woyamba wa chipani chimene lero ndi ANC. Pa sukulu imeneyi ndi pamene Nelson Mandela anaponya voti yake yoyamba pa 27 Epulo 1994. Nditaima pa manda a Dube, thupi linachita tsemwe. Ana athu akukulira m'dziko lino, ayenera kuona malo otere ndi maso awo. Pitani masana, ndi munthu wodziwa njira.

M'tauni, lowani mu Victoria Street Market mukanunkhize zokometsera ndiwo. Amwenye anayamba kufika ku Durban mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, n'chifukwa chake chakudya cha kumeneko ndi bunny chow, buledi wobooledwa pakati n'kuthiramo ndiwo za curry. Amadya ndi manja, ndipo tsabola wake si wamasewera, ana agulireni wa nyemba. Foni ikhale m'thumba lakutsogolo.

Mukatopa ndi phokoso, kapumeni ku Durban Botanic Gardens, munda umene unakhazikitsidwa mu 1849. Mufunse kuti akuonetseni Wood's cycad, mtengo wooneka ngati kanjedza. Unapezeka m'nkhalango ya Ngoye mu 1895, waumuna wokhawokha, ndipo waukazi sunapezekebe mpaka lero. Tengani mkeka ndi kamba wanu, mukadyere pansi pa mitengo.