Galimoto ikungoti ke-ke-ke osalira, ndi mafunso ena kwa amakaniko

Funso: Amakaniko, ndili ndi Toyota Vitz. M'mawa ndikapotokola kiyi imangoti ke-ke-ke, tinyali ta pa dashibodi n'kuzilala, injini osalira. Ndinagula batire latsopano, inalira bwinobwino sabata imodzi, pano yayambiranso. Anzanga akuti ndi stata. Ndigule?

Yankho: Musagule stata, bambo, ndipo batire munatayalo mwina linali lisanathe n'komwe. Vutoli ndaliona kambirimbiri. Kawirikawiri silikhala mu batire kapena mu stata, limakhala pa njira ya pakati pa ziwirizi: ma terminal (mitu ya batire ndi zomangira zake) ndi waya wa earth (wochoka pa negative ya batire kupita ku bodi ndi injini). Sabata imodzi ija inalira chifukwa pomasula ndi kumanganso munapalako litsiro mosadziwa. Pano labwerera.

Pezani mita yoyezera magetsi, muike pa DC 20V. Galimoto itagona usiku wonse, batire lodzadza limaonetsa 12.6, latheka 12.2, ndipo likatsika pansi pa 12.0 ndiye kuti moto mulibe. Nsonga za mita zigunde mitu yeniyeni ya batire, ya mtovu ija, osati zomangira zake. Wina apotokole kiyi inu maso ali pa mita. Ikagwa kupitirira 9.6 kutsika m'munsi, batire ndi lofooka kapena stata ikukoka mopyola muyeso. Koma ikangoima pa 12 osagwedezeka, galimoto ili ke-ke-ke, batire lilibe mlandu. Moto ukutsekeka panjira.

Tsopano kuyeza komwe ambiri amakudumpha, chonsecho n'komwe kumaulula zonse. Nsonga yakuda ikhale pa mutu wa negative, yofiira igunde chitsulo cha injini pamalo oyera, opanda penti kapena oyilo. Kiyi isanapotokoledwe mita ionetsa 0, ndipo 0 ameneyo sakuuzani kanthu. Nambala yofunika ndi ya nthawi yomwe stata ikukoka. Ikakhala pansi pa 0.3, waya wa earth ali bwino. Ikafika 0.5, wayamba kudwala. Mukaona 1 kapena 2, wolakwa mwamupeza. Chitaninso chimodzimodzi pakati pa mutu wa batire ndi chomangira chake, ngakhale zikuoneka zogwirana bwino: pamenepo pasapitirire 0.1. Kenako mbali ya positive, kuchoka pa mutu wa batire kukafika pa bawuti yaikulu ya pa stata, pasapitirire 0.5. Chomwe mita ikuwerenga ndi moto womwe ukutayika pakati pa nsonga ziwirizo. Mutha kumasuntha nsonga imodzi pang'onopang'ono, kuchoka pa chomangira kupita pa bawuti ya pa bodi, kenako pa injini, mpaka nambala italumpha. Pomwe yalumphirapo ndi pomwe pali nthenda.

Ndipo musandiuze kuti munayeza kale ndi mbali ya mita yolira kuti pii ija. Waya wa earth ali ndi tinsambo tambirimbiri m'kati. Tonse titaduka n'kutsala kamodzi, mita ilirabe pii, chifukwa iyo imatumiza timoto tochepetsetsa. Stata ya galimoto yaing'ono imakoka ma amp oposa 100. Kansambo kamodzi sikangapititse moto wotere.

Ngati mulibe mita, tengani chingwe chimodzi chojampitsira galimoto, mupane mbali ina pa negative, ina pa bawuti yolimba ya pa injini. Ikalira nthawi yomweyo, ndi earth basi. Njira ina, gwirani kiyi pa kuliza masekondi 5, kenako mukhudze ma terminal. Yotenthayo ndi yomwe ikutsekereza moto.

Pokonza yambani kumasula negative, ndipo ikhale yomaliza kumanga. Palani mitu ndi m'kati mwa zomangira ndi sandipepa mpaka ziwale. Ufa woyera kapena wobiriwira uja umachoka ndi madzi osakaniza soda. Masulaninso bawuti ya earth pa bodi ndi pa injini, mupale mpaka chitsulo chioneke. Girizi pakani pamwamba mutamanga kale, osati musanamange. Zomangira zotchipa zopyapyala zija zimatamuka mukangomanga kawiri, ndiye munthu amakhomerapo msomali kuti zigwire. Msomali pa batire ndi chizindikiro cha mwini galimoto amene adzakankha. Waya akakhala wobiriwira m'kati mwa chikopa chake, sinthani yense, ndipo watsopanoyo akhale wonenepa ngati wakaleyo. Ikalira, yezaninso pa batire injini ikuyenda, muone pakati pa 13.8 ndi 14.5. Ikakhala pansi pa 13 nthawi zonse, onani kaye lamba wa alternator, makina omwe amatchaja batire, musanaimbe mlandu alternator yo.

Funso: Chiwongolero chimanjenjemera ndikafika pa 90 mpaka 100, ndikatsika chimasiya. Matayala akutsogolo ndinagula akaunjika mwezi watha.

Yankho: Ndi balansi ya matayala akutsogolo. Kamtovu ka pa limu kolinganiza kulemera kwa tayala kagwa, kapena sanaikepo n'komwe, kapena m'kati mwa limu mwauma matope. Alignment, kuwongola komwe matayala aloza, sithetsa kunjenjemera kotere, musataye nayo nthawi. Kukanakhala kuti kumabwera mukaponda buleki pokha, ndikanati ma disc a buleki. Koma poti mwatchula kaunjika, kwezani galimoto pa jeke, muzungulitse tayala ndi dzanja mukuliyang'ana cha kutsogolo. Likamavina kapena likakhala ndi chotupa, nsambo za m'kati zalekana ndi labala, ndipo tayala lotero silibalansika, limangodikira tsiku lophulika.

Werenganinso zaka zake. M'mbali mwa tayala muli mzere woyamba ndi DOT, manambala anayi omaliza ndi sabata ndi chaka chomwe linapangidwa: 2318 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Loposa zaka 6 liyang'aneni ndi diso lokayika, lofika zaka 10 tayani ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya. Mizere ikafika 1.6 mm, pomwe timizere topingasa ta m'ngalande tafanana ndi pamwamba, latha. Mpweya popani motsatira kapepala ka pa chimango cha chitseko cha dalaivala, matayala ali ozizira. Nambala yolembedwa pa tayala ndi malire ake, si yopopera. Mukagula awiri okha atsopano, apite kumbuyo. Ambiri amatsutsa, koma galimoto ikaterereka kutsogolo mutha kuibweza, ikaterereka kumbuyo imazungulira nanu.

Funso: Pa mdipiti wa magalimoto m'tauni kanyali kofiira ka kutentha kamayaka, koma pamsewu waukulu ndikamathamanga sikayaka. Wina wandiuza kuti ndichotse thermostat.

Yankho: Fani ya rediyeta sikuzungulira. Mukamathamanga mphepo imalowa yokha, mukaima ntchito yonse ndi ya fani. Lizani injini, yatsani AC, tsegulani boneti. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri fani imayenera kuzungulira pompo. Ikakhala chete, onani fyuzi, kenako sinthanitsani relay yake, kaswitchi ka magetsi ka m'bokosi la ma fyuzi, ndi ina yofanana nayo ya m'bokosi lomwelo. Zikakanika, ipatseni 12V molunjika kuchoka ku batire. Ikapanda kuzungulirabe, mota yapsa. Ikazungulira, vuto lili m'mawaya kapena pa sensa ya kutentha, ndipo pamenepo yezani earth ya faniyo mwa njira ndafotokoza pamwambapa, fani ikuyesera kuzungulira. Earth yofooka imachititsanso kuti fani izizungulira mwaulesi, mwini wake n'kumati ikugwira ntchito.

Thermostat isiyeni. Pa injini zambiri zazing'ono imatseguka cha pa madigiri 82, ndipo ntchito yake ndi kufikitsa injini msanga pa kutentha koyenera. Mukaichotsa injini imachedwa kutentha, kompyuta imawonjezera petulo poganiza kuti kukadali kozizira, mafuta amapita, ndipo fani yanu yakufayo imakhala ikadali yakufa. Chotsekera rediyeta chili ndi nambala pamwamba, 0.9 kapena 1.1, mugule chofanana nacho. Chotchipa chosagwira mphamvu chimawiritsa madzi msanga. Madzi okhaokha amadyetsa dzimbiri pampu ndi rediyeta, thirani coolant, ndipo ngati ndi yosasungunula sakanizani theka ndi theka.

Kanyaliko kakayaka imani. Injini zimenezi mutu wake ndi wa aluminiyamu, suchedwa kupindika. Dikirani mphindi zosachepera 30 musanakhudze chotsekera, madzi a m'menemo amapsereza nkhope. Mukaona thovu likubwera m'rediyeta injini ikulira, oyilo wasanduka woyererako, kapena utsi woyera wosatha kumbuyo, gasket ya mutu yapita kale.

Funso: Ndine mayi, ndimayendetsa Honda Fit ya automatic. Potsika mtsetse wautali buleki inayamba kununkha, kenako pedulo inalowa pansi ngati mulibe kanthu. Nditaima kwa kanthawi inabwerera. Ma pad ndinasintha posachedwapa. Ndi bwino kupitiriza kuyenda nayo?

Yankho: Ayi mayi, musakwerenso nayo phiri musanasinthe brake fluid. Anawira. Mafuta a buleki amayamwa chinyezi cha mumpweya chaka ndi chaka. DOT 3 watsopano amawira pa madigiri osachepera 205, koma akamwa madzi amatha kuwira pa 140. DOT 4 ndi 230 ali watsopano, 155 atamwa madzi. Akawira m'mapaipi mumakhala nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, n'chifukwa chake pedulo inapita pansi. Atazizira nthunzi inabwerera kukhala madzi, buleki n'kuoneka ngati yachira. Sinachire. Mafutawa amasinthidwa zaka 2 zilizonse, onse, potulutsa akale pa tayala lililonse mpaka atabwera oyera. Kuthira pamwamba si kusintha. Mtundu wake walembedwa pa chotsekera, ndipo botolo lomwe linatsegulidwa kalekale musaligwiritse ntchito. Fungo lija ndi la ma pad. Ngati munaika otchipa opanda dzina, amenewo akatentha amachita galasi pamwamba n'kusiya kuluma. Awachotse muone, akakhala onyezimira asinthidwe. Aonenso ngati caliper ina, chitsulo chomwe chimapanitsa ma pad pa disc, sikukakamira, chifukwa tayala lotentha kuposa anzake mutayenda pang'ono ndiye kuti buleki yake sikumasula.

Koma gwero lake ndi kayendetsedwe. Pa mtsetse wautali phazi silikhala pa buleki njira yonse. Musanayambe kutsika chepetsani liwiro, muchotse pa D muike pa S kapena L, malinga ndi zomwe zalembedwa pa giya yanu, kuti injini izigwira galimoto. Ilira mokweza, musaope, sikuonongeka. Liwiro likakwera pondani molimba kwa masekondi ochepa, mutsitse, musiye kuti ma disc apume. A manual atsike ndi giya yomwe akanakwerera phiri lomwelo. Zoika pa N kuti musunge petulo ndi bodza loopsa: galimoto ya injection ikamatsika ili m'giya phazi mutachotsa pa moto, kompyuta imadula petulo yokha, pomwe pa N injini imamwabe kuti isazime. Pedulo ikadzalowanso muli pakati pa mtsetse, ipopeni mofulumira kangapo, tsitsani giya, ndipo handibuleki muikoke pang'onopang'ono chala chili pa batani, osati mokoka kamodzi.

Funso: Nissan Note yanga yayamba kugwedezeka ponyamuka chisinthireni oyilo wa giyabokosi. Anathira ATF.

Yankho: Ndiye mwayankha nokha, achimwene. Ma Note ambiri ali ndi giyabokosi ya automatic ya mtundu wa CVT, yomwe imayendera lamba wachitsulo pa ma pulley (mawilo a lamba) awiri, ndipo imafuna oyilo wakewake kuti lambayo agwire. ATF, oyilo wamba wa giyabokosi ya automatic, amamutereretsa, n'kuyamba kukanda ma pulley. Nissan imafuna NS-2 kapena NS-3 malinga ndi chaka, onani m'buku la galimotoyo kapena pa kapepala ka mu boneti. Imikani galimoto lero, akhuthule, athire woyenera, muyende pang'ono, akhuthulenso, chifukwa kukhuthula kamodzi kumasiya wambiri m'kati. Botolo lolembedwa kuti limalowa m'giyabokosi iliyonse ine sindilikhulupirira. Ngati yayamba kale kulira ngati mluzu, kusintha oyilo sikubweza zomwe zakandika.

Funso: Kanyali ka oyilo kamaphethira injini ikatentha ndili chiimire, ndikaponda moto kamazima.

Yankho: Kanyali kameneko sikanena za kuchuluka kwa oyilo, kamanena za mphamvu yomwe akuyendera. Zimitsani, muone pa dipstick galimoto ili pamalo athyathyathya. Ngati oyilo alimo wokwanira, amange geji pamalo pa switch ya oyilo ayeze mphamvuyo injini ili yotentha. Ikakhala bwino, ndi switch yokha, kanthu kakang'ono. Ikakhala yotsika, atsitse sump, beseni la oyilo la pansi pa injini, aone kasefa ka pampu. Pa galimoto zomwe eni ake amadumphitsa sevisi kapena kuika fyuluta yotchipa, kamakhala katatsekeka ndi phala lakuda. Kuthira oyilo wolemera kuti kanyali kazime ndi kubisa matenda.

Funso: Ndinaponda buleki mwadzidzidzi kukugwa mvula, pedulo inanjenjemera n'kumalira kuti gu-gu-gu. Chathyoka n'chiyani?

Yankho: Palibe chathyoka, imeneyo ndi ABS. Imagwira ndi kusiya kangapo pa sekondi kuti matayala asaume, inu muthe kukhota. Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kuchotsa phazi chifukwa cha mantha. Pondani mpaka pansi, musapope, maso akhale komwe mukufuna kupita. Kanyali ka ABS kaziyaka mukapotokola kiyi ndi kuzima pakapita masekondi ochepa. Kakakhala koyaka, buleki wamba ilipo koma ABS palibe, ndipo nthawi zambiri ndi sensa ya pa tayala yomwe yadzadza litsiro kapena waya wake waduka. Ngati ABS ikumalowerera pafupipafupi pa mvula, matayala anu atha kapena mumatsatira anzanu pafupi kwambiri. Galimoto ya kutsogolo ikadutsa mtengo kapena chikwangwani, werengani masekondi 3 musanafikepo inu. Pa msewu wonyowa akhale 6.