Amalume Anakomoka Akuseka, Kodi Kuseka Kumapha?

Achemwali, mwati amalume anu anagwa pansi akuseka pa chilanga mulilo (mwambo umene akuchikazi amapereka zakudya kwa mkamwini ukwati usanachitike) ku Matero, mu Lusaka, patapita kanthawi n'kudzuka ali bwinobwino, ndiye mukufunsa ngati kuseka kumapha. Kuseka pakokha sikupha munthu wathanzi, koma kumaulula matenda amene anabisala m'thupi.

Munthu akamaseka mpaka kugwira nthiti, amangotulutsa mpweya osakoka wina. M'chifuwa mumapanikizika, magazi obwerera kumtima amachepa, BP imatsika, ubongo n'kuperewera magazi. M'maso mumada, mawondo kulefuka, basi ali pansi. Akagona, magazi amafikanso kumutu ndipo nthawi zambiri amatsitsimuka isanathe mphindi imodzi. Pomwe anthu amalakwitsa ndi kumudzutsa msangamsanga, kumukhazika pampando, ena mpaka kumumwetsa madzi asanazindikire, n'kumutsamwitsa. Musiyeni agone chagada, miyendo muikweze pa mpando, lamba ndi kolala mumasule. Ngati akupuma koma sakudzuka, mugoneke chammbali ndipo muthamangire naye kuchipatala.

Ngakhale anadzuka, amalumewo akapimidwe BP, shuga ndi ECG (kupima kagundidwe ka mtima ndi makina), pachipatala cha Matero pomwepo kapena kuchipatala chachikulu cha UTH mu Lusaka momwemo. Musazengereze ngati amamwa mankhwala a BP, ngati mtima unkagunda mothamanga asanagwe, kapena ngati pamtundu panu wina anafapo mwadzidzidzi akadali wachinyamata. Pali matenda a kagundidwe ka mtima amene amayamba kuonekera mwa kukomoka chonchi.

Komatu choopsa kwambiri chili pambale ya nsima. Munthu akaseka nyama ili m'kamwa, pokoka mpweya nthuli imalowera kunjira ya mpweya. Ngati akutsokomola, musiyeni atsokomole. Akangoti zii, manja pakhosi, mawu osatuluka, muweramitseni kutsogolo, mumenyeni ndi chikhatho pakati pa mapewa kasanu. Zikakanika, imani kumbuyo kwake, chibakera pamwamba pa mchombo, kokerani m'kati ndi m'mwamba kasanu, kenaka bwererani kumsana. Madzi ayi.

Wa mphumu naye chiseko chimamutsekera chifuwa, choncho inhela ya salbutamol, yabuluu ija, izikhala m'thumba osati kunyumba. Kudontha mkodzo poseka, makamaka kwa amayi obereka, n'kufooka kwa minofu ya m'chiuno, ndipo kumachepa pochita masewera oimanga. Nsagwada ikaguluka pakamwa n'kukana kutseka, musaikankhe nokha.

China chimene ambiri amachitcha ufiti kapena misala ndi kuseka popanda choseketsa, munthu osatha kudziletsa. Zimachitika kwa amene anadwalapo sitiroko kapena kuvulala m'mutu, ndipo kwa ana ukhoza kukhala mtundu wina wa khunyu. Mujambuleni kanema pa foni zikamachitika, dokotala akaone yekha mmene zimayambira ndi kutalika kwake.