Kamba wa ku Zanzibar si kamba wathu

Achemwali, mwanditosa pabala. Za m'nyanja ya mchere zomwe mukuti mukalawe ku Dar zo, ine zinandionetsa zakuda.

Ndinapita kukaoda nsalu ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar es Salaam, mnzanga wa ku Chinamwali n'kundinyengerera kuti tiwolokere ku Zanzibar, ati pa boti ndi maola awiri okha. Madzulo tinali pa Forodhani, ku Stone Town, pomwe amayala matebulo m'mbali mwa nyanja. Ine mwana wokulira matemba ndi milamba ya ku Kachulu ndinkadziyesa katswiri wa nsomba. Kamnyamata kena kanati "dada, kamba?" ine n'kudumpha, ndimayesa akugulitsa kamba wathu wa chigoba uja. Kumeneko kamba ndi tizilombo tija topindika, tandevu. Kanandiunjikira timeneto m'mbale, nkhanu, ndi pweza, chinyama cha miyendo 8 chija. Ndikafunsa mtengo kankangoti "kula kwanza", kutanthauza kuti yambani mwadya. Titamaliza kanatchula ndalama yoti pa msika wa Zomba ndikanagula chambo chodya banja lonse sabata yathunthu. Wakuba wopanda manyazi! Mnzanga uja, m'malo mondithandiza kukangana, anali kalikiliki kujambula za pa Facebook. Mpaka lero ndimangomupatsa moni wa pakamwa.

Chomwe sindinadziwe n'choti nsombazo zinali zophikaphika kale, kankangozitenthetsa pamakala. Cha m'ma 2 koloko usiku m'mimba munayamba kubangula. Pa boti m'mawa mwake ndinasanza mpaka ndulu. Koma zoopsa zinali m'basi ya ku Kyela, pobwerera kumudzi. Msewu umadutsa pakati pa nkhalango ya Mikumi, ndipo zinandigwira pomwepo. Ndinapempha kondakitala mogwada, Chiswahili changa cha mawu asanu chitatha, iye n'kumangoloza panja kuti kuno sitiima, kuli mikango. Anthu ali pa windo kuonerera njovu, ine ndaluma chitenje, thukuta lili kamukamu, ndikupemphera Atate Wathu mobwerezabwereza. Mayi wina amene ndinakhala naye anangosuntha mwakachetechete. Pofika pa Songwe ndinali ngati ndadwala mwezi.

Ndiye za pamsewu musadye mwachisawawa ayi. Tengani Thanzi ORS m'chikwama, ndipo chilichonse funsani mtengo musanalume. Za m'nyanja musazidye tsiku loti mawa lake mukwera basi. Ugali wawo ndi wolimba ngati mgaiwa wogona, musayembekeze nsima ya ufa woyera.

Komabe musabwere osalawa pweza wophika ndi nazi (kokonati), ameneyo ndi mpunga mudzanyambita zala. Urojo nawonso, msuzi wowawasa uja wa mbatatesi, amaukhoza ndi a pamsewu omwewo, ku hotela mungotaya ndalama. Mukafika pa Forodhani sankhani tebulo lomwe padzaza eni dziko, muloze nsomba yaiwisi aiwotche inu mukuona. Mukakumana ndi kamnyamata ka dzino lagolide, kauzeni kuti mayi wa ku Zomba uja sanaiwale.